Pedulo ya Kumanja

Ntchito ya a Tionekaye inali yofunsa anthu funso limodzi tsiku lonse. Munthu akakhala pampando m'kachipinda kamdima kaja, ankamuveka chimango chachitsulo pamphuno n'kumulozera zilembo zapakhoma, zikuluzikulu pamwamba, zonga nyerere pansi. Kenako ankalowetsa galasi, n'kulichotsa, n'kulowetsa lina. "Labwino ndi liti, ili kapena ili?" Munthu akachedwa kuyankha ankamulimbitsa mtima. "Musaope, pano palibe wolephera mayeso. Ingosankhani."

Koma eni akewo kusankha kunkawathawitsa tulo. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuchipatala cha maso, chifukwa ukawafunsa ngati amwe tiyi kapena khofi, yankho linali lomwelo: "Tione kaye." Akazi awo, mphunzitsi wa masamu, ankakonda kuuza alendo kuti tsiku lofunsiridwa ukwati iwo ndi amene anamaliza chiganizo, poona kuti mwamunayo waima pakati pa mawu ndipo dzuwa likupita.

Mchimwene wa mayiwo anali munthu wina wosiyana kwambiri. Anali pulambala, chimunthu cha manja ngati mafosholo, ndipo aliyense ankawatcha a Basitiyeni. Iwo ankayamba kuchita, kuganiza kunkawapeza m'njira. Ndi iwo amene Loweruka lina anafika pageti ndi njinga ziwiri zokwerera mapiri pamwamba pa kagalimoto kawo ka mapaipi.

"Alamu, adokotala aja anati muchepetse mimbayo, eti? Mankhwala ake ndi awa. Banja lina lomwe ndimalikonzera bafa likusamuka, landigulitsa motchipa, ndi nsapato zomwe."

Nsapatozo zinali ndi kachitsulo kunsi kwake kamene kankakola pa pedulo, kuti phazi ndi njinga zikhale chinthu chimodzi. Kukola kunali kosavuta. Kumasula ndiye kunali ndi kaluso kake kopotoza chidendene, komwe palibe anawauza. Tsiku loyamba lomwelo anakafika pa maloboti a pafupi ndi msika, nyali yofiira n'kuyaka. A Tionekaye anagwira mabuleki bwinobwino, njinga n'kuima, koma mapazi anakana kutsika. Anapendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mtengo wodulidwa ndi munthu wosathamanga, mpaka khu! pambali pa minibasi yodzaza anthu. A Basitiyeni potembenuka kuti aseke, nawonso phi! mbali inayo.

Gogo wina anasuzumira pawindo la minibasiyo akukonza magalasi pamphuno. "Kodi si adokotala a maso awa? Ndi iwo ndithu. Magalasi anu aja ndi abwino, bambo, ndikukuonani bwinobwino!"

Madzulo ake akazi awo anagamula mlandu akuwapaka mankhwala pachigongono. "Mugule mapedulo afulati, oponda n'kuchotsa phazi ngati anthu ena onse. Koma asadule kuposa nsapato za mwana wasukulu. Njinga yotchipa isatidyere nyumba."

Shopu ya zida za njinga inali m'kanjira ka kuseri kwa malo okwerera basi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Matayala ankalendewera kudenga, matcheni pamisomali, ndipo fungo la rabara ndi girisi linkakulonjera usanalowe. Mwini wake anali mayi wamfupi wovala ovolosi, amene okwera njinga onse ankamutcha Mayi Sipoko. Atamva nkhani ya pa maloboti sanaseke nkomwe, ankaimva mwezi uliwonse. Anangotulutsa mabokosi awiri n'kuwaika pakauntala.

"Pa thumba lanulo, abwino ndi awiriwa. Awa ndi a nayiloni, pulasitiki yolimba ija. Ndi otambalala, phazi lonse limakhala, ndipo akagunda mwala amangotsetsereka. Awa ndi achitsulo. Ndi ocheperako, koma olimba, ndipo timisomali take timaluma nsapato kwambiri. Timalumanso mwendo, phazi likaterereka. Mtengo ndi wofanana."

Mawu omalizawo ndi amene anawononga zinthu. Mtengo ukanasiyana, thumba likanawasankhira. A Tionekaye ananyamula ya nayiloni, n'kuizunguza ndi chala pafupi ndi khutu. Ananyamula yachitsulo, n'kuizunguzanso. Anavula nsapato n'kuiika pamwamba pa iyi, kenako pa iyo.

"Tione kaye," anatero.

Anabweranso mawa lake pa nthawi yopuma, ndi mkuja wake, ndi sabata yotsatira. Anafunsa ngati timisomali tikatha tingasinthidwe. Anafunsa ngati nayiloni imasweka ndi dzuwa. Anabwera ndi nsapato zina m'jumbo kuti ayesenso. Wometa tsitsi anayamba kuwapatsa moni ngati wogwira ntchito pamenepo, ndipo Mayi Sipoko akangowaona pakona ankatulutsiratu mabokosi aja osalankhula.

"Bambo," anatero tsiku lina, "mapanga awiri avumbwitsa. Anzanu akukwera phiri, inu njinga yanu akuyanikapo matawulo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Nkhonoyo ikanagula kale."

Nzeru inawapeza ali kuntchito, akusinthira magalasi mphunzitsi wina wopuma pantchito. Ili kapena ili? Munthu sasankha galasi poliyang'ana lili m'bokosi, amasankha lili pamaso. Anatsala pang'ono kumusiya wodwalayo pampando. Madzulo anaimbira mlamu wawo foni.

"Alamu, tigule mabokosi onse awiri, wina limodzi wina limodzi. Njinga iliyonse tiike yachitsulo mbali ina, ya nayiloni mbali ina. Mapazi atiuza okha."

"Basi tiyeni," anatero a Basitiyeni, omwe masiku onsewa ankangodikira.

Anakamangira kwa a Basitiyeni, pabwalo lodzaza mapaipi, masinki akale ndi galu wokalamba wogona pamthunzi. Mapedulo akale a kumanja anachoka mosavuta. A kumanzere anakana. Pulambalayo anakoka sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi kuima, kenako analowetsa paipi yaitali kuchigwiriro kuti awonjezere mphamvu. A Tionekaye poona kuti njinga ithyoka anaimbira Mayi Sipoko.

"Ya kumanzere imamasuka chobwerera," anatero mayiwo. "Auzeni asiye, akuimangitsa."

"Amene anapanga zimenezi anali ataledzera," anadandaula a Basitiyeni akupukuta thukuta. "Zaka zonsezi ndikumasula mipopi, palibe unandichitapo chipongwe chotere."

Pomaliza njinga ya a Tionekaye inali ndi ya nayiloni kumanzere, yachitsulo kumanja. Ya mlamu wawo inali ndi yachitsulo kumanzere, ya nayiloni kumanja.

Kuseri kwa tawuni kunali phiri lokhala ndi thanki ya madzi pamwamba, ndipo kanjira kake kankakhotakhota pakati pa mitengo ya bulugamu, mizu ndi miyala. Loweruka m'mawa anauyamba ulendo, a Basitiyeni patsogolo, a Tionekaye pambuyo akupuma ngati mvukuto. Sanapite patali mapazi asanayambe kulankhula. La kumanzere linakhala phee pa nayiloni, lonse, kuyambira chala mpaka pakati, ngati munthu wakhala pampando wake wa kunyumba. La kumanja linkasendera m'mbali, likufunafuna malo. Pokhota pena pedulo ya nayiloni inakhudza mwala, inangoti khwee n'kudutsa. Patsogolo pang'ono yachitsulo inagunda mwala wina, ngwe! Njinga inanjenjemera, phazi linadumpha, pedulo inazungulira n'kubwera kudzawaluma pamsongolo ndi mano ake onse.

Ululu unali woopsa, koma a Tionekaye anaima pakati pa njira akumwetulira. Anali atadziwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mumtima mwawo munalibe mawu awiri okangana. Ankafuna ya nayiloni, basi. Anafuna kukuwa kuti phiri lonse limve.

Kenako anakumbukira kuti inzake ya kumanja inali pa njinga ya mlamu wawo, ndipo anatseka pakamwa.

Mlamu wawoyo ankamudziwa. Sanali munthu woipa, koma chinthu chinkamukomera akamva wina akuchiyamikira. Ukati ntchafu ya nkhukuyi yapsa bwino, unkaiona ikuchoka m'mbale. A Tionekaye anayamikirapo makwerero awo atsopano pamaso pake, ndipo makwererowo anapita kokabwerekedwa osabwereranso. Akanena kuti nayiloni ndi yabwino, ndiye kuti aitsanzika. Anakokera sokosi pamwamba pa balalo n'kukankha njinga mpaka pa thanki.

A Basitiyeni anali atakhala pakhonkiriti akumwa madzi. "Bwanji alamu, mapazi akuti chiyani?"

"Yachitsuloyi ndi nkhani ina," anatero a Tionekaye, magazi akuyenderera m'sokosi. "Imagwira ngati dzanja la wapolisi. Ndipo kuwala kwakeko! Munthu amaoneka kuti ndi bwana."

Mlamu wawo anawayang'ana mwachidwi, kenako anapukusa mutu. "Ine ndiye ya nayiloniyi yandilanda mtima. Phazi likumva ngati lili pa matiresi. Mwaiponda bwino koma yanuyo? Taiganizireni bwino."

A Tionekaye anayang'ana pedulo ya nayiloni ya pa njinga ya mlamu wawo. Ndiye kuti munthuyu waiona kale.

Lolemba anathamangira kwa Mayi Sipoko kuti angogula bokosi lina la nayiloni, akazi awo adzalankhule pambuyo.

"Lija linali lomaliza," anatero mayiwo. "Katundu wina akubwera, koma tsiku lake funsani woyendetsa sitima. Komatu alamu anu nawonso anali pano m'mawa, amafunsa za..."

"Ndadziwa!" anadula mawu a Tionekaye. "Akufuna onse akhale ake!" Ndipo anatuluka, mayiwo akuwaitana, iwo osacheuka.

Masabata otsatira inali nkhondo ya matamando. Loweruka lililonse pedulo yachitsulo inkawonjezera chizindikiro china pamwendo wa a Tionekaye, ndipo Loweruka lililonse iwo ankaiyamikira koposa. Anati ndi bwenzi lawo lapamtima. Anati chitsulo chotere adzasiyira zidzukulu. Anaipukuta ndi nsalu yopukutira magalasi kuti iziwala mlamu akamayang'ana. Kunyumba anasiya kuvala kabudula, ndipo ankasintha bandeji m'bafa atakhoma chitseko. Koma a Basitiyeni sanagwedezeke. Kwa iwo nayiloni inali uchi, inali pilo, inali nzeru za akatswiri. Anafika ponena kuti munthu wophunzira ngati alamu awo sayenera kuponda china chilichonse.

"Akundinyogodola," anaganiza a Tionekaye. "Akudya nyama n'kumandinunkhiritsa."

Lamulungu lina onse anali patebulo kwa a Tionekaye, akudya mpunga ndi nkhuku, ndipo nyimbo inali yomweyo. Mphunzitsi wa masamu anamvetsera mpaka kutopa, kenako anaika supuni pansi.

"Samu yake ndi yophweka. Bambo a kuno akufuna zitsulo, achimwene mukufuna nayiloni. Sinthanani lero lomwe, tipume."

"Ayi!" anakuwa a Tionekaye, mpunga n'kuwatsamwa. "Mayeso sanathe."

"Zoona," anavomera msanga a Basitiyeni. "Zinthu zothamangira si zabwino, mlongo wanga."

Mayiwo anayang'ana mchimwene wawo nthawi yaitali. Chikulire limodzi, mawu amenewo anali asanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo. Koma amuna awo anali otanganidwa ndi kutsokomola ndi kuthokoza kuti apulumuka, moti sanazindikire kanthu.

Mwendo ndi umene unawakakamiza a Tionekaye. Unali utafika poti akamakwera masitepe a kuchipatala ankaluma mano. Anadziuza kuti zimene akufuna kuchita si kuba, ndi kusinthana kosadziwitsana. Lachiwiri m'mawa, akazi awo ali kubafa, anamasula pedulo yachitsulo ya kumanja, n'kuikulunga m'nyuzipepala, n'kuiponya m'thumba la jekete yawo yoyera ya kuntchito pamodzi ndi sipanala. Masana, nthawi yomwe ankadziwa kuti pulambala amakhala pansi pa sinki ya munthu wina, anauza mlembi kuti akukagula mankhwala a mutu.

Geti la kwa mlamu linali longokankha. Galu wokalamba uja anawadziwa, anabwera kudzadzikhula pa thalauzi lawo n'kubwerera kukagona. Njinga inali m'kashedi, kuseri kwa mulu wa mapaipi. A Tionekaye anagwada n'kutulutsa sipanala. Kenako anangoti kakasi. Kumanja kunalibe pedulo. Panali kabowo chabe, kakuwayang'ana.

Anafufuza m'ndowa, m'masinki akale, m'bokosi la mabawuti, ngakhale pansi pa galu. Kunalibe.

"Wafika pomaibisa," ananong'ona. "Mwina amagona nayo pansi pa pilo. Munthu wotani ameneyu, wosakhulupirira abale ake?"

Mkwiyo unawaiwalitsa za kuntchito. Anatsimphina kulunjika kwawo kuti akabwezere chitsulo chawo pamalo pake, ndiponso akadandaule kwa akazi awo, omwe anali pakhomo chifukwa sukulu zinali zitatsekera. Atakhota kuseri kwa nyumba, pakhonde pomwe ankasunga njinga, anapeza msana waukulu wa munthu wogwada. A Basitiyeni anali ndi sipanala m'manja, akuyang'anitsitsa kabowo ka kumanja kwa njinga ya a Tionekaye ngati munthu wosuzumira m'chitsime chouma.

"Alamu!"

Pulambalayo anadzuka mofulumira mpaka kugunda mutu pa handulo. "Aa, alamu! Ndabwera kudzaona mpopi uja."

"Mpopi uli pa njinga?"

"Ndimadutsa chabe. Nanga inu nthawi ya ntchito ino mukuchokera kuti? Ndipo ubweya uli pa thalauzi lanuwo ndikuudziwa. Ndi wa galu wanga."

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Mayi a nyumbayo anaima pamenepo atapinda manja pachifuwa, ndi nkhope imene ana a sukulu ankaiopa kuposa chikwapu.

"Achimwene ndakhala ndikukuonerani pawindo chilowereni chozemba. Nonse awiri, tulutsani zili m'matumba. Ikani patebulopo."

Panalibe wotsutsa. A Tionekaye anatulutsa kamtolo ka nyuzipepala, kothimbirira ndi girisi, n'kukamasula. Pedulo yachitsulo inawala padzuwa. A Basitiyeni anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa sokosi yakale, n'kuikhutula. Pedulo ya nayiloni ya kumanja inagubuduka n'kukaima pafupi ndi inzake.

Amuna awiriwo anayang'ana patebulo, kenako anayang'anana.

"Mumabwera kudzandisiyira ya nayiloni?" anafunsa a Tionekaye ndi mawu ang'ono.

"Ndimadzatenga chitsulo changa! Ine pulasitiki ndimalimbana nayo tsiku ndi tsiku, mapaipi ophulika, mipopi yothyoka. Ndiiponderenso pa njinga? Ine ndikufuna chinthu choti chikamenya mwala chizilira, a kutsogolo adziwe kuti kukubwera munthu. Ndinapita kwa Mayi Sipoko, anati zachitsulo zinatha."

"Nanga matiresi aja? Nanga uchi uja?"

"Ndimakutsatsirani malonda! Inu kuti musankhe chinthu pamafunika kukukankhani ngati galimoto yakufa batire. Ndiye ndikukankha, ndikukankha, inu n'kumakakamira chitsulo changa, mpaka kuchitcha bwenzi lapamtima."

A Tionekaye anawerama n'kupinda thalauzi mpaka m'bondo. Msongolo wonse unali mabandeji, mabala akale ndi atsopano, timadontho tondondozana ngati wadutsapo telala ndi makina.

"Mayo ine!" anakuwa akazi awo. "Ndiye chifukwa chake mwakhala mukugona ndi thalauzi ngati mlonda?"

"Bwenzi lanu lija ndi limene lakuchitani chonchi?" anafunsa a Basitiyeni. "Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena kuti ndakonda ya nayiloni, mukanaitenga. Chilichonse chimene ndayamikira mumatenga."

"Ine?" Pulambalayo anadzigwira pachifuwa, wokhumudwa zenizeni. "Ine ndinatengapo chiyani cha munthu?"

"Makwerero athu ali kwanu, achimwene," anatero mlongo wawo. "Ndi ambulera. Ndi wilibala."

A Basitiyeni anayang'ana mlongo wawo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo kuseka kunawatulukira ngati madzi a paipi yophulika, mpaka anakhala pansi pakhonde akupukuta misozi ndi sokosi ija. Mayiwo anatsamira chitseko akugwira nthiti. A Tionekaye anayesa kusunga ulemu wa munthu wolakwiridwa, koma sanapirire nthawi yaitali.

Anamanga pedulo ya nayiloni pomwepo, mlamu akugwira njinga, iwo akuzunguza sipanala, atapaka girisi monga anawalangizira Mayi Sipoko. Kuchipatala anafika mochedwa, jekete yoyera ili ndi chibanga chakuda pathumba, ndipo mlembi anawafunsa ngati mankhwala a mutu masiku ano akugulitsidwa ku galaja.

Loweruka lotsatira kunacha kutagwa mvula. Anakwera mpaka pa thanki, n'kutsikira mbali ina ya phiri imene anali asanaiyesepo. A Basitiyeni anali patsogolo, ngwe! ngwe! pa mwala uliwonse, akukuwa ndi chimwemwe ngati mwana wopatsidwa belu. A Tionekaye ankatsatira mapazi onse awiri ali phee. Mizu inabwera, mapazi sanasunthe. Miyala inabwera, mapazi sanasunthe. Anayamba kumasula mabuleki pang'ono, kenako kwambiri, mphepo ikuwalira m'makutu, ndipo anadzimva ngati mnyamata.

Kumunsi kanjirako kankakhotera kumanzere mwadzidzidzi, kuzemba dambo la matope. Kanjira kanakhota, mlamu anakhota, a Tionekaye anapitirira. Analowa m'dambomo ali chikhalire pachishalo, manja pa handulo, njinga n'kumira mpaka theka la matayala, n'kuima. Kenako inagona nawo cham'mbali, phwa!

A Basitiyeni anabwerera akuthamanga, n'kuwapeza ali gone m'matope, chipewa chitapendekeka, diso limodzi lokha likuoneka.

"Alamu! Mwavulala? Mapedulo aja akutayani?"

A Tionekaye analavula matope, n'kudzutsa mutu kuyang'ana kumapazi kwawo. Nsapato zonse ziwiri zinali zikadali pamapedulo.

"Sananditaye," anatero monyadira. "Tagwa tonse. Tandidzutsani, tikayambirenso pamwamba."